Mlandu wa Bernstein: pamene boma la America linayesa pulogalamu yobisa uthenga ngati chida cha nkhondo

Lipoti ili ndi la mlandu umene Daniel J. Bernstein anasumira boma la United States mu February 1995, n'kudzatha mu 2003. Maloya a za makompyuta amakonda kuutchula akafuna kunena kuti zolemba za pulogalamu ya kompyuta n'zotetezedwa ndi ufulu wolankhula. Ife olangiza makampani pa malamulo otumizira katundu kunja timauwerenga ndi diso lina, chifukwa funso la kasitomala silikhala lakuti ndani anapambana. Iye amafuna kudziwa ngati angatumize pulogalamu yake mawa osalowa m'madzi. Pa funso limenelo chigamulo chotchuka cha 1999, chimene khoti la apilo linapereka momukomera Bernstein, sichithandiza kwenikweni, pakuti khoti lomwelo linachichotsa patangotha miyezi yosakwana isanu. Chimene chinamasula anthu ndi malamulo aang'ono amene unduna unalemba mu January 2000, ndipo lamulo lolembedwa ndi unduna, unduna womwewo ukhoza kulifufuta.

Lamulo mmene linalili

Encryption ndi luso losandutsa uthenga kukhala zinthu zosawerengeka, kuti amene ali ndi kiyi yekha ndiye aubweze mwakale. Kwa zaka zambiri luso limeneli linali la asilikali ndi akazitape, ndipo boma la America linkaliwerengera pamodzi ndi zida. Lamulo lalikulu linali Arms Export Control Act la 1976. Pansi pake panali malamulo aang'ono otchedwa ITAR, oyendetsedwa ndi State Department, unduna woona za ubale ndi mayiko ena. M'malamulo amenewa muli mndandanda wa zida, United States Munitions List. Mfuti zili m'gawo I, akasinja m'gawo VII, ndege zankhondo m'gawo VIII. Makina ndi mapulogalamu obisa uthenga anali m'gawo XIII(b).

Chinthu chikakhala pa mndandandawo, wofuna kuchitumiza kunja ankayenera kulembetsa ngati wogulitsa zida, kenako n'kupempha chilolezo. Wolakwira lamulo ankatha kulipitsidwa chindapusa chofika madola 1 miliyoni ndi kukhala m'ndende mpaka zaka 10. Koma msampha weniweni unali pa tanthauzo la kutumiza kunja. Sikunali kukweza katundu m'sitima kokha ayi. Kuulula luso la chidacho kwa mlendo, ngakhale muli naye m'chipinda chimodzi ku California, kunkawerengedwa kuti mwatumiza kunja. Mphunzitsi wa pa yunivesite amene m'kalasi mwake muli mwana wa ku India kapena wa ku Germany anali pa mpanipani, ndipo woika pulogalamu pa intaneti ndiye kuli bwanji.

Munthu wokayika ngati chinthu chake chili pa mndandanda ankalembera unduna kupempha chiganizo chotchedwa commodity jurisdiction. Kumbuyo kwa chiganizocho kunkakhala bungwe la akazitape la NSA, limene linkafunsidwa maganizo pa nkhani za encryption. Nyumba ya malamulo inali itawonjezeranso ndime yakuti makhoti asamaunike chiganizo choika chinthu pa mndandanda wa zida. Unduna ukati ichi n'chida, nkhani yathera pomwepo.

Snuffle ndi makalata ake

Bernstein anali wophunzira masamu pa University of California ku Berkeley, akuchita digiri ya udokotala. Cha m'ma 1990 analemba kapulogalamu kotchedwa Snuffle. Kanali kakang'ono ndithu: mafayilo awiri a m'chilankhulo cha kompyuta chotchedwa C, snuffle.c wobisa ndi unsnuffle.c wobweza, kuphatikizapo pepala lachingerezi lofotokoza nzeru yake.

Nzeruyo ndiyo inali ndi ululu. Pali masamu ena otchedwa hash function, amene amatenga uthenga wautali uliwonse n'kutulutsa kachidindo kakafupi komwe sungabwerere nako ku uthengawo. Boma silinkaletsa kutumiza ma hash function kunja, poti ntchito yawo ndi kutsimikiza kuti uthenga sunasinthidwe, osati kuubisa. Bernstein anaonetsa kuti ndi mizere yochepa chabe ya pulogalamu, hash function yabwino imasanduka chobisira uthenga. Mwa mawu ena, boma linkalola kale kuti mbali yovuta ituluke m'dziko, n'kumalondera mbali yosavuta. Snuffle anali mtsutso wa ndale wolembedwa m'masamu, ndipo zimenezi zinadzathandiza kwambiri maloya ake, chifukwa n'kovuta kunena kuti munthu sakulankhula kanthu pamene cholinga cha ntchito yake yonse ndi kutsutsa lamulo.

Mu June 1992 analembera State Department kufunsa ngati angafalitse ntchito yake. Yankho linabwera mu August: Snuffle n'chida cha m'gawo XIII, pakufunika chilolezo. Kalatayo sinanene bwino ngati ndi pepala lachingerezi lomwe linaletsedwa. Choncho mu July 1993 anagawa ntchitoyo pasanu n'kufunsa za chilichonse pachokha: pepala lija, mafayilo awiri aja, malangizo achingerezi a kagwiritsidwe ntchito ka Snuffle, ndi malangizo achingerezi a mmene munthu angailembere pa kompyuta. Mu October 1993 unduna unati zonse zisanu n'zida. Apilo imene anachita mkati mwa undunawo sinayankhidwe.

Apa ndi pamene boma linadzitchera lokha. Kunena kuti pepala lolembedwa m'Chingerezi, lofotokoza masamu, n'chida cha nkhondo, ndi mawu amene loya aliyense wa ufulu wolankhula angawalandire ndi manja awiri. Unduna unazindikira mochedwa. Mu June 1995, mlandu utalowa kale kukhoti, unalembanso kalata yoti chiganizo chake chinkakhudza source code yokha, ndiko kuti zolemba za pulogalamu za m'mafayilo awiri aja, osati pepala ndi malangizo. Kwa zaka pafupifupi ziwiri munthuyo anali atakhala ndi kalata ya boma yomuuza zosiyana ndi zimenezo.

Kukhoti kwa Jaji Patel

Mlandu unalowa ku khoti la boma la chigawo cha kumpoto kwa California, ku San Francisco, pamaso pa Jaji Marilyn Hall Patel. Bungwe la Electronic Frontier Foundation, loteteza ufulu wa anthu pa nkhani za makompyuta, ndilo linathandiza kusonkhanitsa maloya, ndipo wotsogolera anali Cindy Cohn, amene pambuyo pake anadzakhala mkulu wa bungwelo.

Boma linayamba ndi kupempha kuti mlandu utayidwe usanamvedwe n'komwe. Linati nyumba ya malamulo inatseka khomo, khoti lilibe mphamvu younika chiganizo cha unduna. Linatinso source code si mawu, koma chipangizo: ukaipereka ku kompyuta imagwira ntchito, imabisa uthenga, ndipo boma likuletsa ntchitoyo, osati maganizo a mwini wake.

Chigamulo cha April 1996 chinakana zonse ziwiri. Pa choyamba, Patel anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene maloya a boma ankafuna kuziphatikiza. Bernstein sankafunsa khoti ngati Snuffle ikuyenera kukhala m'gawo XIII kapena ayi. Ankafunsa ngati dongosolo lonse la zilolezo likugwirizana ndi First Amendment, ndime ya malamulo oyendetsera dziko yoteteza ufulu wolankhula, ndipo funso lotere lamulo wamba silingalichotse m'manja mwa makhoti popanda kunena mosabisa. Kwa ine apa ndi pamene maloya a Bernstein anaonetsa ukatswiri, kuposa pa mfundo yotchuka ija. Akadapita kukakangana za mndandanda, mlandu ukadafera pakhomo.

Pa chachiwiri, jajiyo anati sakuona kusiyana kwenikweni pakati pa chilankhulo cha kompyuta ndi Chijeremani kapena Chifalansa. Source code imalembedwa ndi munthu, imawerengedwa ndi munthu, ndipo akatswiri amagawana nzeru kudzera mwa iyo monga oimba amachitira ndi manotsi a nyimbo. Zoti imagwira ntchito sizichotsa chitetezo chake, pakuti malangizo ophikira ndi mabuku ophunzitsa kukonza zinthu nawonso amagwira ntchito, koma palibe amatsutsa kuti ndi mawu. Aka kanali koyamba kuti khoti la ku America linene zimenezi.

Kunena kuti chinthu ndi mawu sikutanthauza kuti boma silingachikhudze. Funso lotsatira linali lakuti lingachikhudze bwanji, ndipo yankho linabwera mu December 1996. Makhoti a ku America amadana kwambiri ndi dongosolo lakuti munthu ayambe wapempha chilolezo asanalankhule. Salikaniratu, koma kuyambira pa mlandu wa Freedman v. Maryland wa 1965, wokhudza bungwe lounika mafilimu, amafuna zotetezera: wopereka chilolezo ayankhe m'nthawi yochepa yodziwika, wokanidwa athe kupita kukhoti mwachangu, ndipo boma ndilo lisenze udindo wopita kukhotiko kukaonetsa chifukwa choletsera. ITAR inalibe chilichonse mwa zimenezi. Mkulu wa mu ofesi ankatha kukhalira pempho mpaka kalekale, kapena kulikana osapereka chifukwa. Patel anagamula kuti dongosololo n'losemphana ndi malamulo oyendetsera dziko.

Chigamulocho chinapeza boma litasamuka kale. Pa 15 November 1996 Pulezidenti Bill Clinton anasaina Executive Order 13026, kuchotsa encryption ya malonda ku State Department n'kuipereka ku Unduna wa Zamalonda, pansi pa malamulo otchedwa EAR. Malamulo atsopanowo anayamba kugwira ntchito kumapeto kwa December. Dzina la chida cha nkhondo linachoka, koma chilolezo chinatsala, ndipo encryption inapatsidwa malamulo akeake okhwima kuposa a mapulogalamu ena. Bernstein, amene panthawiyi ankaphunzitsa pa University of Illinois ku Chicago, anasintha madandaulo ake kuti alunjike pa EAR. Mu August 1997 Patel anagamulanso momukomera n'kupereka chiletso. Boma linathamangira kukapempha kuti chiletsocho chiyambe chaima podikira apilo, ndipo linapatsidwa.

Buku ndi disiketi

Mlandu wa Bernstein sumveka bwino popanda wa Phil Karn, injiniya amene mu 1994 anayesa boma m'njira yosavuta kuimva. Anatenga buku la Bruce Schneier lotchedwa Applied Cryptography, limene kumapeto kwake kuli masamba a source code ya njira zingapo zobisira uthenga, n'kufunsa State Department ngati angalitumize kunja. Anati tumizani, bukulo likugulitsidwa poyera. Kenako anatenga disiketi yokhala ndi source code yomweyo, mzere ndi mzere, n'kufunsanso. Anati imeneyo n'chida, m'gawo XIII(b). Karn anasuma ku Washington, ndipo mu March 1996 Jaji Charles Richey anaikira kumbuyo boma, patangotsala milungu yochepa kuti Patel apereke chigamulo chake choyamba.

Anthu anaseka, koma maganizo a boma sanali opusa monga amamvekera. Disiketi umangoilowetsa m'kompyuta, pomwe buku limafuna munthu wodziwa kuti alitayipe popanda kulakwitsa ngakhale kachizindikiro kamodzi. Boma linkadziwa kuti silingaletse boma la Russia kapena la China kupeza luso limeneli. Cholinga chake chinali chakuti encryption yamphamvu isakhale chinthu chopezeka mwachisawawa m'pulogalamu iliyonse imene munthu wamba wagula, kuti ntchito ya NSA yomvetsera mauthenga a kunja isavute. Linkadziwanso kuti likaletsa buku, khoti lililonse lidzaligwetsa. N'chifukwa chake EAR inalemba poyera kuti source code yosindikizidwa pa pepala siikhudzidwa, koma yomweyo ikakhala pa disiketi kapena pa intaneti ikufunika chilolezo.

Mpata umenewu anthu anaulowa. Phil Zimmermann, amene anatulutsa pulogalamu yobisa uthenga ya PGP mu 1991 n'kufufuzidwa ndi boma kuyambira 1993, anasindikiza source code yake yonse m'buku kudzera ku MIT Press mu 1995. Kufufuzako kunatsekedwa mu January 1996 popanda kumuzenga mlandu. Mu 1997 PGP yatsopano inasindikizidwanso m'mabuku, mabukuwo n'kutumizidwa ku Ulaya mwalamulo, kumene anthu odzipereka anajambula masamba onse ndi sikana, kukonza zolakwika, n'kutulutsa pulogalamu yathunthu kunja kwa America. Palibe lamulo linathyoledwa. Kwa maloya a Bernstein nkhani ya buku inali mphatso, chifukwa boma likavomereza kuti source code ya pa pepala ndi mawu, limavutika kufotokoza chimene chimaisandutsa chipangizo ikafika pa intaneti.

Apilo

Khoti la apilo la Ninth Circuit linamva mlanduwu mu December 1997 n'kupereka chigamulo pa 6 May 1999, pansi pa dzina lakuti Bernstein v. United States Department of Justice. Majaji awiri anali mbali ya Bernstein, mmodzi mbali ya boma. Jaji Betty Fletcher ndiye analemba, Jaji Myron Bright n'kuvomereza.

Amene amangomva za chigamulochi amadabwa akachiwerenga, chifukwa n'chopapatiza. Fletcher sananene kuti pulogalamu iliyonse ndi mawu. Anachita kunena kuti sakugamula zimenezo. Sanakhudze object code, imene kompyuta yokha ndiyo imawerenga. Anaima pa mfundo yakuti akatswiri a encryption amagwiritsa ntchito source code pofotokozerana nzeru, monga akatswiri a masamu amachitira ndi ma equation, ndipo kuti EAR inalibe zotetezera za Freedman. Anaonetsa chibowo chake mwatsatanetsatane: malamulowo ankati pempho liyankhidwe kapena litumizidwe kwa Pulezidenti pasanathe masiku 90, koma likafika kwa Pulezidenti panalibe malire a nthawi, ndipo wokanidwa analibe njira yopitira kukhoti. Kumapeto anawonjezera ndemanga yoti pamene moyo wa anthu ukusamukira pa mafoni ndi imelo, kuletsa encryption kumakhudzanso ufulu wosunga chinsinsi. Imeneyo inali ndemanga chabe, osati maziko a chigamulo.

Jaji Thomas Nelson, wotsutsa uja, anati source code ya encryption kwenikweni ndi chipangizo chopangira makina obisa uthenga, ndipo owerengeka okha ndiwo amaigwiritsa ntchito polankhulana. Maganizo ake sayenera kunyozedwa. Chaka chapitacho, mu July 1998, Jaji James Gwin wa ku Ohio anali atagamula chimodzimodzi pa mlandu wa Peter Junger, mphunzitsi wa zamalamulo pa Case Western Reserve University. Ndi Richey uja, ndiye kuti majaji atatu a boma anaona nkhaniyi mosiyana ndi Patel ndi Fletcher.

Boma linapempha kuti mlandu umvedwenso ndi gulu lalikulu la majaji a khoti lomwelo. Pa 30 September 1999 pempholo linavomerezedwa, ndipo chigamulo cha Fletcher chinachotsedwa. Kumvanso kumene kunalonjezedwako sikunachitike.

Mmene mlandu unathera

Milungu iwiri chigamulocho chisanachotsedwe, pa 16 September 1999, boma la Clinton linali litalengeza kuti lifewetsa malamulo. Malamulo atsopano anatuluka pa 14 January 2000. Source code yopezeka poyera inaloledwa kuikidwa pa intaneti popanda chilolezo, bola mwini wake atumize imelo ku boma yonena pamene yaikidwa. Mapulogalamu ogulitsidwa kwa anthu wamba analoledwa kutuluka ndi kiyi wautali uliwonse akaunikidwa kamodzi. Mayiko asanu ndi awiri anatsala oletsedwa: Cuba, Iran, Iraq, Libya, North Korea, Sudan ndi Syria.

Zimene zinakankha boma zinali zambiri. Makampani a ku America ankaluza msika kwa makampani a kunja amene ankagulitsa encryption yamphamvu momasuka. Malonda a pa intaneti ankakula ndipo mabanki ankafuna chitetezo chenicheni. M'nyumba ya malamulo bilu ya SAFE, yotsogoleredwa ndi Bob Goodlatte, inali ndi aphungu ambiri oiikira kumbuyo. Mlandu wa Bernstein unali chimodzi mwa zimenezi, ndipo sindikhulupirira kuti unali chachikulu koposa. Koma ndimaona kuti boma linachenjera pa nthawi yake. Pofewetsa lamulo khoti lalikulu lisanalankhule, linapewa chigamulo chimene chikadalimanga manja mpaka kalekale, n'kusunga mphamvu yake yoika malamulo pa encryption.

Ninth Circuit inabweza mlandu kwa Patel kuti auonenso potengera malamulo atsopano. Bernstein sanakhutire, poti udindo wotumiza imelo uja unkamulepheretsabe kugwira ntchito momasuka ndi anzake a kunja, mwachitsanzo akamalembera limodzi pulogalamu pa msonkhano. Anadziimira yekha kukhoti pa gawo lomalizali. Maloya a boma anauza khoti kuti alibe cholinga chomuzenga mlandu pa zinthu zotere, ndipo mu 2003 Patel anatseka mlandu, n'kunena kuti popanda chiopsezo chenicheni chochokera ku boma palibe choti khoti ligamule.

Tsono chatsala n'chiyani choti loya angachitchule? Zigamulo zitatu za Patel zilipo, koma ndi za khoti loyamba, sizimanga khoti lina. Cha Fletcher chimawerengedwa chifukwa cha kulemera kwa mfundo zake, koma mphamvu ya lamulo chilibe. Chigamulo cha khoti la apilo chimene chinaima ndi cha Junger v. Daley, cha Sixth Circuit, cha pa 4 April 2000, chimene chinati source code ndi yotetezedwa ndi First Amendment n'kubweza mlandu ku khoti loyamba osagamula ngati malamulowo ndi olakwika. Supreme Court sinagamulepo za malamulo otumizira encryption kunja. Izi zikukhudzanso maloya a ku Malawi, kumene gawo 11 la malamulo oyendetsera dziko limalola makhoti kuyang'ana zigamulo za kunja zofanana ndi nkhani imene ili pamaso pawo, komanso kumene lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limafuna kuti opereka ntchito za encryption alembetse ku MACRA. Wodzatsutsa lamulo lotere n'kudzatchula Bernstein wa 1999 osanena kuti anachotsedwa adzachita manyazi pamaso pa jaji wowerenga.

Zimene malire a ma bit 40 anasiya

Nthawi yonse imene mlandu unali kukhoti, makampani sanakhale pansi kudikira. Kuyambira 1992 panali mgwirizano woti pulogalamu yogwiritsa ntchito njira zobisira uthenga za RC2 kapena RC4 ndi kiyi wa ma bit 40 (ma bit ndiwo muyezo wa kutalika kwa kiyi), pamodzi ndi njira ina yotchedwa RSA ya ma bit 512, izipatsidwa chilolezo mwachangu. Choncho Netscape, kampani ya pulogalamu yotsegulira mawebusaiti, ndi anzake ankapanga mitundu iwiri ya pulogalamu imodzi: ya ma bit 128 ya ku America ndi Canada, ndi ya ma bit 40 ya ena tonse, ndi Africa yemwe.

Kiyi wa ma bit 40 ali ndi njira zoposa pang'ono thililiyoni imodzi, ndipo bit iliyonse yowonjezera imachulukitsa njirazo kawiri. Thililiyoni imamveka yambiri, koma kwa kompyuta ndi ntchito ya masiku. Mu August 1995 wophunzira wa ku France, Damien Doligez, anathyola uthenga wa Netscape wa ma bit 40 m'masiku 8 ndi makompyuta oposa 100 a pamalo amene ankaphunzira ndi kugwira ntchito. Mu January 1997 Ian Goldberg wa ku Berkeley anathyola kiyi wa ma bit 40 m'maola atatu ndi theka. Boma litakweza malire kufika pa ma bit 56, Electronic Frontier Foundation inapanga makina a mtengo wosakwana madola 250,000 amene mu July 1998 anathyola DES, njira yobisira uthenga ya ma bit 56, m'maola 56. Zinali ngati kulamula kuti loko aliyense wogulitsidwa kunja akhale wothyoka ndi nyundo yaing'ono, n'kumayembekeza kuti nyundoyo adzakhala nayo ndi apolisi okha.

Malamulo atafewa mu 2000, njira zofooka zija sizinachotsedwe m'mapulogalamu. Zinatsala mkati kuti makompyuta atsopano azitha kulankhulana ndi akale, ndipo anthu anaziiwala. Mu March 2015 ofufuza anaulula chibowo chotchedwa FREAK: munthu wokhala pakati pa foni yanu ndi seva ankatha kunyenga mbali zonse ziwiri kuti zitsikire pa RSA ya ma bit 512, imene panthawiyo inkathyoka m'maola ochepa ndi makompyuta obwereka a mtengo wa madola pafupifupi 100. Pakati pa mawebusaiti okhudzidwa panali ya NSA yomwe. Mu May chaka chomwecho kunatuluka Logjam, mu March 2016 DROWN, zonse zochokera ku njira zofooketsedwa dala chifukwa cha malamulo a m'ma 1990. Palibe chigamulo cha khoti chimene chinawerengera mtengo umenewu, poti unaonekera mlandu utatha kalekale.

Bernstein yekha anapitiriza ntchito yake. Njira yake ya Salsa20 ya 2005 anaitchanso Snuffle 2005, ndipo ChaCha20 yochokera pamenepo ili mu TLS 1.3, imene imateteza mawebusaiti ambiri lero. Masamu ake a Curve25519 ali m'dongosolo la Signal limene WhatsApp imagwiritsa ntchito.

Pamene zinthu zili lero

Malamulo otumizira encryption kunja sanafe. Mapulogalamu otere adakali pa mndandanda wa Unduna wa Zamalonda pansi pa nambala 5D002, ndipo ofesi yoyang'anira, imene kuyambira 2002 imatchedwa Bureau of Industry and Security, ikugwirabe ntchito. Mndandandawo umatsatira wa Wassenaar Arrangement, mgwirizano wa 1996 umene tsopano uli ndi mayiko 42, ndipo ku Africa kuno membala ndi South Africa yokha. Katundu wambiri amatuluka kudzera pa chololeza chotchedwa ENC kapena ngati katundu wa msika wa anthu wamba, koma zonsezo zili ndi zofunika zake: kudziwa gulu la pulogalamu yako, nthawi zina kuipereka kuti iunikidwe, nthawi zina kupereka lipoti la pachaka, ndi kuonetsetsa kuti wolandira si boma kapena kampani yoletsedwa. Imelo imene Bernstein ankaidandaula ija inachotsedwa mu March 2021 pa source code yopezeka poyera, kupatulapo yogwiritsa ntchito njira zobisira zimene sizinafalitsidwe kapena kuvomerezedwa ndi mabungwe oika miyezo. Inachotsedwa ndi unduna, osati khoti.

Wolemba mapulogalamu wa ku Lilongwe kapena ku Chipata amakumana ndi lamulo limeneli mosayembekezera. Akamaika app yake pa App Store ya Apple, amafunsidwa ngati imagwiritsa ntchito encryption, chifukwa app ikatuluka pa maseva a ku America kupita kwa ogula a kunja, malamulo a America amaiwerengera kuti yatumizidwa kunja. Ambiri amangodina yankho limene likuwalola kupitirira. Ine ndimawalangiza kuti ayambe aona chimene app yawo ikuchita. Ngati imangodalira HTTPS, chitetezo chamasiku onse cha mawebusaiti, ndi zobisira zobwera ndi foni, nkhani yake ndi yopepuka. Ngati aikamo njira yawoyawo yobisira, kapena cholinga chenicheni cha app ndi kubisa mauthenga ndi mafayilo, ayenera kudziwa gulu lake ndi kusunga pepala losonyeza mmene anafikira pa yankho limene anapereka.

Wina akamati malamulowa ndi a pa pepala chabe, ndimamuuza za Wind River Systems, kampani imene panthawiyo inali ya Intel. Mu October 2014 inavomera kulipira madola 750,000 chifukwa chotumiza mapulogalamu okhala ndi encryption popanda chilolezo maulendo 55 pakati pa 2008 ndi 2011, a mtengo wa madola pafupifupi 2.9 miliyoni. Ogula anali maboma ndi makasitomala ena a ku China, Hong Kong, Russia, Israel, South Korea ndi South Africa. Kampaniyo inachita kudziulula yokha kwa boma, ndipo ofesi inanena kuti n'chifukwa chake chindapusacho chinachepetsedwa.